Jakisoni wa Dyeratu

Dyeratu, galu wathu, atakana mkute ndinadziwa kuti zinthu zavuta. Galu ameneyu anadyapo sopo, anadyapo patapata, ndipo chaka chatha anadya Baibulo la mlaliki kuyambira ku Genesis mpaka ku Masalimo. Ndiye angonunkhiza mkute n'kutembenuka? Ndinamutsegula kukamwa, nkhama zili mbuu. M'makutu munali nkhupakupa zonenepa ngati nsatsi, ndipo mkodzo wake unali wofiira.

"Bambo a Ethel," ndinatero, "galuyu tipite naye ku Mitundu kwa alangizi a ziweto. Apo ayi afa."

Amuna angawo, a Wilson, anali m'chigafa akusoka fodya. Ife ndife matenanti pa esiteti ina kuno, ndipo fodya akauma n'kudindidwa, mabelo amagona m'chipinda chathu chakuseri mpaka bwana atatumiza thirakitala. Mlonda wa mabelowo ndi galu.

"Galu wanga sabayidwa," anayankha osadzutsa mutu. "Jakisoni amapha ukali. Mwaiwala za Mfuti?"

Za Mfuti sindingaiwale, poti ndimazimva chaka chilichonse fodya akayamba kuuma. Mfuti anali galu wathu woyamba, wolusa kwabasi, moti ngakhale kapitawo ankaodira ali kumsewu. Chaka china kunabwera katemera wa chiwewe pasukulu, ine n'kupita naye. Sabata yomweyo, tonse tili kumaliro, belo limodzi linatuluka m'nyumba masanasana, Mfuti ali gone pakhonde. Oyandikana nawo anati sanamve kuuwa ngakhale kamodzi. A Wilson anagamula mlandu tsiku lomwelo: wolakwa ndi jakisoni.

Ndiye Dyeratu anamuchiza okha. Anaviika zinyenyeswa za fodya m'madzi n'kumusambitsa. Anamupaka oyilo wakuda wa kuchigayo m'makutu. Galu anada, ananunkha, koma sanadzuke. Nkhupakupa zina zinagwadi, zina zinangosamukira kukhosi.

Ine galu ameneyu ndimamukonda, ndinene poyera. Ethel atakwatiwa n'kupita ku Likuni, ndiye amene ankandiperekeza kukatunga madzi, ndiye amene ndinkamudandaulira za bambo akewo. Kumuona akulephera ngakhale kuthamangitsa ntchentche kunandiwawa mumtima, ndipo ndinakwiya kwambiri.

Tsono nkhani ya belo lija ili chonchi. A Wilson ali ndi mng'ono wawo, a Limbani, amene amakhala ku Nathenje. Makolo awo atamwalira kwathu ku Phalombe, a Wilson anabwera nawo kuno ali kamnyamata ka mamina, anawalera, anawakwatitsa. Mfuti ali kamwana ankagona pamapazi pa alamu angawo. Kumaliro kuja a Limbani anafika mochedwa, thukuta lili kamukamu, ndipo mwezi usanathe anali ndi njinga yatsopano ya belu. Esiteti yonse inkadziwa, ngakhale ana. Koma mungamuuze bwanji munthu za mwana amene anamubereka kumsana? Tonse tinangomusiya jakisoni asenze mlanduwo, poti iye alibe abale.

M'mawa mwake Dyeratu anayesa kuimirira, miyendo yakumbuyo n'kukana. Ndinapita kuchigafa.

"Bambo a Ethel, tipita naye kapena ndikumbe dzenje? Khasu lili pafupi."

"Ndanena kale, amake Ethel. Galu wobayidwa ndi mbuzi."

"Mfuti sanali mbuzi. Patapita mwezi chibayidwireni analuma wogula mbuzi uja pamtsendo, mwaiwala? Analumanso m'bale wanga. Ukali unalipo wonse. Galu sauwa munthu amene amagona pamapazi pake."

Anasiya kusoka. Anayang'ana tsamba limene linali m'manja mwawo kwa nthawi yaitali, ngati pali cholembedwa. Mawu akatuluka sabwereranso.

"Tsamba ili lili ndi mawanga," anatero pomaliza. Analiika pambali, anapukuta manja, n'kukatulutsa njinga.

Tinamuika Dyeratu mudengu, tinamanga pakaliyala, ine ndikuyenda pambuyo nditagwirizira. Njira yonse ya ku Mitundu anangondiuza kuti tayala lakumbuyo likufunika mpweya.

Alangiziwo anali mayi wachitsikana, a Lilian. Anamuyang'ana galuyo nkhama, anamununkhiza m'makutu, n'kufunsa kuti oyiloyo ndi wa ndani.

"Awa ndi matenda a nkhupakupa," anatero. "Katemera wake ine ndilibe pano. Ndili ndi jakisoni wochiza, ndi mankhwala oti muzimusambitsa kuti nkhupakupazo zisabwererenso. Akachira mudzabwere naye, adzalandire wa chiwewe. Ndimubaye?"

Anafunsa akuyang'ana a Wilson. Iwo anayang'ana galu, galuyo n'kugwedeza kansonga ka mchira, mphamvu yokhayo imene inatsala.

"Ukali sutha?"

"Sutha, bambo."

"Mubayeni."

Dyeratu anachira. Anayamba ndi phala, kenako mkute, kenako anadya chipewa cha a Wilson, ndipo apo tinadziwa kuti wabwereradi mwakale. Wogulitsa makala atadutsa pabwalo anamuthamangitsa mpaka kumsewu, thumba n'kugwa.

Lamulungu lina, mabelo atadzaza kale m'chipinda, a Limbani anabwera kudzationa pa njinga yawo ija. Dyeratu anawathamangira, anawanyambita manja, anagubuduka chagada kuti amukande pamimba.

"Galu wanu ndi wofatsa, achimwene," anatero a Limbani akuseka.

A Wilson anayang'ana galu, anayang'ana mng'ono wawo, kenako anandiyang'ana ine.

"Mwaona, amake Ethel? Jakisoni uja."

"Ndaona," ndinatero.

Anandiuza kuti ndiphe nkhuku, mlendo adye bwino. Kenako ananyamula mpando wawo pansi pa mtengo wa mango pamene amakhala masiku onse, anakauika pakhomo pa chipinda cha mabelo, n'kukhala pomwepo. Nkhukuyo anadyera pomwepo, mbale ili pamwendo, akufunsa mng'ono wawo za mvula ya ku Nathenje. Sanadzuke mpaka belu la njinga litamveka kutali.