Kuseri kwa Pepala la Aphunzitsi

Abson Njobvu anali kumalizitsa nyanga za ng'ombe pa chikwangwani cha butchala ina pamene Mayi Petronella anatulukira akuthamanga, chikwama chili m'khwapa. Mayiwa ankaphunzitsa ana pasukulu ina ya ku Woodlands, koma Lachiwiri ndi Lachinayi masana ankaphunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga mu holo ya pafupi ndi msika wa Kabwata.

"Ba Abson, nifuna saini ya kalasi yathu ya bakulu," anatero ali wefuwefu. "Pa Chiwelu kubwela ba tcheyamani ba Chipani kuzationa. Mau yonse nalemba apa. Iyo basi yanga, izanisiya!"

Anasiya pepala lopinda pamwamba pa chitini cha utoto n'kuliyatsa liwiro. Abson anatsegula pakamwa kuti anene lamulo lake, koma mwini wake anali atakhota kale pakona.

Lamulolo aliyense pa Kabwata ankalidziwa. Wofuna chikwangwani ankayenera kulemba yekha mawu ake m'zilembo zazikulu, chilichonse pachokha, Abson akuona. "Kuti mawa tisakangane," ankatero. Anthu ankamutama kuti ndi munthu wosamala. Chishimba, wokonza njinga amene msasa wake unagundana ndi wa Abson, ndiye anamupatsa dzina loti Ba Pulofesa, ndipo dzinalo linakakamira mpaka ana a Abson omwe ankayenda nalo monyada. Zoona zake zinali zakuti Pulofesayo, bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu, sankatha kuwerenga zimene manja ake ankalemba.

Zilembo ankazidziwa, asakunamizeni munthu. Ankazidziwa monga mmene timadziwira anthu okwera nawo basi m'mawa uliwonse: uyu wamimba, uyu wotangadza miyendo, uyu woyenda chowerama. Zina ankazidziwa ndi mayina omwe. Koma zikaima pamzere zinkangomuyang'ana duu, osanena kanthu. Anachoka kwawo ku Katete asanapondepo m'kalasi, nalowa ntchito yopaka makoma m'nyumba za azungu ku Kabulonga. Tsiku lina pa nthawi yopuma anakopera pakhoma zilembo za pathumba la simenti, ndipo dzanja lake linangozigwira. Ufulu utabwera, aliyense anafuna dzina lake pamwamba pa khomo, Abson osasowanso ntchito. Tsopano zinali zitatha zaka khumi akudya ndi bodza lomwelo, ndipo mantha ake anali amodzi: tsiku limene msika udzadziwe, ndani adzabweretsenso thabwa lake kwa wolemba wosawerenga?

Anatambasula pepala lija. Linali long'ambidwa m'kope. Mbali imodzi kunali zolemba za inki, zopyapyala, zolumikizana ngati mzere wa nyerere. Anatembenuza. Kuseri kunali zilembo zazikulu za pensulo, mizere itatu, chilichonse chitaima pachokha. Mtima unakhala pansi. Ndiye kuti aphunzitsi analikumbukira lamulo, anaganiza motero, za inkizo ndi zawo za kusukulu. Chinangomudabwitsa n'chakuti zilembozo zinali zokhota, zodindidwa mwamphamvu mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka, ndipo S mmodzi anali atayang'ana kumbuyo.

"Na baticha bamalema," anadziuza yekha, osafuna kuwachititsa manyazi. S ameneyo adzamuongola iye.

Anaiyamba ntchitoyo Lachinayi masana. Thabwa analipaka utoto wobiriwira, zilembo zoyera, chilichonse ndi mthunzi wake wachikasu. Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ikunyamula fumbi ndi makoko a mtedza kuchokera kumsika, ndipo mphepo yomweyo inkabweretsa mawu ochokera m'mazenera a holo. Amayi ankayankha pamodzi, pang'onopang'ono ngati ali m'tchalitchi: "Ma, me, mi, mo, mu."

Nthawi zonse mawu amenewa akamupeza, burashi yake inkayamba kuyenda mwaulesi. Tsiku limenelo inatsala pang'ono kuima. Anadziona akuyenda mu Cairo Road Lamlungu, masitolo atatseka, msewu uli mbee, ndipo zikwangwani zonse zikumulankhula chimodzichimodzi, chino ndi mawu aakulu, china monong'ona, zina zolemba iye mwini zikumupatsa moni ngati ana ake amene anakulira kwina. Anadziona ali pasiteshoni akudziwa yekha basi ya ku Chelstone, osadikira kuti kondakitala akuwe. Anadziona atakhala pakhonde ndi kalata ya mkulu wake wa ku Katete, akuiwerenga yekha, osaitananso mwana wake wamkazi n'kumuuza mwaukali wabodza kuti, "Belenga, tione ngati sukulu ikuthandiza." Chinthuchi ankachilakalaka mpaka pachifuwa kuwawa. Holo inali pafupi, munthu akanatha kuponyako mwala. Koma Pulofesa angakakhale bwanji pabenchi n'kumati ma, me, mi?

"Ba Pulofesa, mwagona choimilila?" anakuwa Chishimba, akupopa tayala. "Penti igwela pa nsapato, imwe! Olo muganiza vamene muzakamba ku Palamenti?"

"Konza njinga, iwe," anayankha Abson, akupukuta nsapato. "Va mabuku visiyile bene bake."

Loweruka m'mawa anakankha chikwangwanicho pawilibala, nakwera makwerero, n'kuchikhomera pamwamba pa khomo la holo. Atatsika anabwerera m'mbuyo kuti achione bwino. Chinali chokongola, asabise. M'zaka zonse sanalembepo zilembo zoima bwino chonchi.

Mayi Petronella anafika atavala chitenje cha Chipani, atanyamula maluwa a patebulo la mlendo. Anayang'ana m'mwamba akumwetulira. Kenaka kumwetulirako kunazimirira pang'onopang'ono.

"Ba Abson," anatero motsitsa mawu, "ichi ni chani?"

"Ni saini yanu, ba ticha. Monga mwamene munalembela."

"Nipaseni pepala ija."

Abson analitulutsa m'thumba la ovolosi. Mayiwo anayang'ana mbali ya pensulo, natembenuza, n'kumuonetsa mbali ya inki. "Mau ya saini ni aya. Onani."

Abson anayang'ana. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa. Koma maso ake anangoima pakati pa pepalalo, osayenda kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndipo Mayi Petronella anali ataona maso otero ambirimbiri m'kalasi mwawo. Abson anadziwa kuti mayiwo adziwa.

"Ni ine nalakwa," anatero mayiwo pomaliza, mokweza kuti amayi awiri amene ankasesa pakhomo amve. "Nang'amba pepala mu buku ya munthu, sininaone kumbuyo. Ichoseni chabe, ba tcheyamani bakalibe kufika."

Abson anagwira makwerero. Asanaponde pa thabwa loyamba, kumbuyo kwake kunamveka mawu a munthu wamkulu, okokera, ngati akukoka ndowa m'chitsime.

"I... ne. Ine. Ndi... ne."

Anali Amayi Daka, ogulitsa masamba a maungu otchedwa chibwabwa ndi timabiringanya totchedwa impwa kumapeto kwa msika, mayi wa imvi amene anayamba kalasiyo miyezi inayi yapitayo anthu akuwaseka kuti akufuna kukawerengera angelo. Anali ataima pakati pa njira, dengu lili pamutu, chala chili m'mwamba chikuloza chilembo chimodzichimodzi.

"E... ne... ss. Eness. Da... ka."

Chala chinaima. Anatsitsa dengu pansi osaliyang'ana, impwa zina n'kugubuduka.

"Mayo ine! Ndine ine!"

Amayi osesa anasiya matsache. Amayi Daka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nakwezanso chala, chifukwa panali patatsala mizere iwiri.

"Nda... le... mba. Nde... kha. Pa... li... be. Wa... ndi... gwi... ra. Dza... nja."

Kenaka anabwereza zonse mwakamodzi, mokweza, akuyang'ana anthu amene anali atayamba kusonkhana: "Ine ndine Eness Daka. Ndalemba ndekha. Palibe wandigwira dzanja!"

Abson anayang'ana m'mwamba. Masiku awiri anakhala nazo zilembo zimenezo, akuzikonza mapewa ndi miyendo, osadziwa kuti m'kati mwake muli mayi wokalamba akudzitama. Tsopano zinali zitalankhula, ndipo mawu ake anali pomwepo, pa zilembo zomwezo, akanatha kuloza pamene "ndekha" wayambira. Tsitsi linamuima. Anachita nsanje, nsanje yeniyeni, ndi mayi wogulitsa chibwabwa.

"Mufuna kuchotsa?" anafunsa Amayi Daka ataona dzanja lake pamakwerero. Anakhala pansi patsinde pa makwererowo, miyendo tambalale. "Yambani mwachotsa ine."

"Amai, ni misiteki," anatero Mayi Petronella. "Ba tcheyamani bazakamba chani?"

"Akambe! Zaka makumi asanu ndi limodzi dzina langa ndimadinda ndi chala ngati wakuba. Lero lakwera pamwamba, inu mukuti ndi misiteki?"

Chikwangwanicho sichinatsike. Tcheyamani atafika anachiwerenga kawiri, nafunsa ngati Eness Daka ndi wa nthambi ya amayi ya Chipani, ndipo atauzidwa kuti khadi ali nalo, analankhula ola lathunthu za chitukuko, anthu akuwodzera pamabenchi.

Abson sanamve ngakhale liwu limodzi. Ankamanga makwerero pawilibala pamene Amayi Daka anabwera n'kumugwira dzanja ndi manja awo awiri.

"Ba Pulofesa, Mulungu akudalitseni. Mpaka S wanga uja mwandikonzera, ndaona. Inu ophunzira simungadziwe mmene zimawawira. Munthu umayenda m'tauni muno ngati uli m'madzi, anzako akulankhulana pamwamba."

"Ee, amai," anatero Abson.

Mayi Petronella anamupeza anthu atabalalika. Sanamuyang'ane kumaso, anakhala ngati akukonza maluwa m'manja mwawo.

"Sinizauza munthu," anatero. "Kalasi ni pa Chibili, fotini awazi. Kuli chitseko cha kumbuyo, cha ku mapaipi. Kuli bazibambo babili bamene bamangenela kwamene kuja. Palibe amabaona."

Lamlungu ndi Lolemba Abson anayenda ngati wodwala malungo. Kutchalitchi anagwira buku la nyimbo monga mwa masiku onse, akutembenuza tsamba mnzake wa pambali akatembenuza, koma nyimbo sinatuluke. Lolemba anasakaniza utoto wofiira m'chitini cha woyera. Ankati akaganiza za chitseko cha kumbuyo, mtima unkapepuka: adzaphunzira mwakachetechete, chaka chimodzi kapena ziwiri, bodza lidzasanduka zoona, ndipo palibe adzadziwe kuti linali bodza. Koma akakumbukira manja a Amayi Daka atagwira lake, akumutcha wophunzira, manyazi ankamugwira. M'kalasimo adzakhala nawo limodzi mayi amenewo. Adzawapempha kuti nawonso amusungire chinsinsi, iwo amene anakuwa dzina lawo pakati pa msika?

Lachiwiri, nthawi itatsala pang'ono kukwana 2 koloko, anatsuka maburashi, navula ovolosi, n'kuvala malaya oyera amene anabwera nawo m'pepala la nyuzi. Anagula kope ndi pensulo pa kantini ya pakona. Njira ya ku mapaipi inkadutsa kuseri kwa misasa, kopanda anthu. Anaima pamphambano kanthawi ndithu, kope likunyowa ndi thukuta m'manja. Kenaka anawongoka, nalowa njira ya pakati pa msika, yodutsa pa ogulitsa makala, pa osoka nsapato ndi pa mabenchi a tomato, imene imathera pakhomo lalikulu la holo.

Chishimba anamuona ali patali. Anaimirira, sipanala ili m'manja, n'kukuwa kuti msika wonse umve, monga mwa khalidwe lake.

"Onani, onani! Ba Pulofesa na buku! Baticha bakuitanani kuti mubathandize? Manje ba mayo bazaphunzila zoona. Muzabaphunzisa chani lelo, Chizungu?"

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Sikunali kumunyoza. Ankakhulupiriradi kuti akukaphunzitsa, ndipo Abson anaona kuti akangokweza dzanja n'kumwetulira, akhoza kulowa pakhomo limeneli zaka ndi zaka dzina lake lili bwinobwino. Mwini butchala uja, amene anali asanatenge chikwangwani chake, anali ataima pomwepo akumvetsera.

Abson anaima, natembenukira kwa Chishimba.

"Awe, Chishimba," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza mokweza. "Awe. Siniziba kubelenga, ine. Nayamba lelo."

Kuseka kunapitirira pang'ono, kenaka kunazima anthu ataona kuti mwini wake sakuseka. Chishimba anatsitsa sipanala. Mwini butchala anayang'ana pansi, nayang'ananso Abson.

M'holo amayi anali atakhala kale. Amayi Daka anali atamva zonse pazenera. Anamuyang'ana nthawi yaitali, pakamwa pali yasa, kenaka anachotsa dengu lawo pabenchi n'kuliika pansi.

"Khalani apa, Abson," anatero. "Tili pa ba, be, bi. Simunachedwe kwambiri."