Chiliza cha Abson

Chikwangwani chachitsulo cha pamanda a Abson chinabedwa kawiri. Ogulitsa zitsulo zakale sasankha. Kachitatu mkazi wake, Martina, anangozika kamtengo n'kumangapo nsanza yofiira, koma ankadziwa kuti mvula ikagwa udzu udzameza zonse. Manda akumeneko ndi milu yofanana yokhayokha, mizeremizere.

Abson anaumba mabuloko zaka zisanu ndi zinayi pa yadi ina ku Chelstone. Pamenepo sagwiritsa ntchito mchenga wakumtsinje. Amasakaniza simenti ndi mchenga wopera ku miyala pamakina, n'kuthiramo mabotolo apulasitiki oduladula ngati mpunga. Anzake apantchito anamuumbira chiliza cha msakanizo womwewo, ndipo kapitawo wawo, Mukuka, analembapo dzina ndi msomali simenti isanaume.

Anachibweretsa kunyumba kwa Martina ku Kabwata Loweruka m'mawa. A Helen, mlongo wamkulu wa malemu, anafika kuchokera ku Woodlands kudzachiona. Anawerama, nakanda pamwamba ndi chikhadabo.

"Ivi vobiliwila ni vichani?"

"Ni pulasitiki, ba mayo," anatero Mukuka. "Chilimba maningi ichi. Na bakawalala sibangachifune."

"Mabotolo? Yaja ya mu ngalande ku msika wa Soweto?"

"Timayamba tasuka. Ba Abson ndiye benze kusuka, na kuimba pamwamba."

A Helen anapukuta chala pachitenje, natembenukira kwa Martina. "Amake Thandizo, mulongosi wanga mufuna kumuvinikila na vinyalala?"

"Alamu, ni nchito yamene inatidyesa tonse. Tiikeko chabe mvula ikalibe kubwela, manda yangasobe."

"Kwatu kwa a Sakala sitichita so. Tizaika cha mwala weniweni, chakuda, banja ikakumana."

"Liti?"

"Ikakumana."

Chiliza saika mkazi, amaika ndi eni ake a munthu. Mukuka anakana kubwerera nacho, akuti chinthu cholembedwa dzina la wakufa sichingagone pa yadi. Amuna anayi anachinyamula n'kuchitsamiritsa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi, dzina litayang'ana kukhoma.

Mvula inayamba mu Novembala. Banja linakumanadi pa Khirisimasi, pa ukwati wa mwana wa a Helen. Anavina, anadya nkhuku, za manda palibe anazitchula. Martina atayesa kufunsa, a Helen anati, "Osati lelo, mulamu."

Mu Epulo Martina anatenga khasu n'kukwera minibasi ya kumanda. Udzu unali wofika m'chifuwa. Mizere yatsopano inali itadzaza njira imene ankadzera kale. Kamtengo kaja chiswe chinadya, nsanza sanaione. Anawerenga milu kuyambira pa mtengo wa mthethe, ulendo woyamba inakwana khumi ndi iwiri, wachiwiri khumi ndi inayi, chifukwa ina inali itatitimira mpaka kufanana ndi pansi. Anafunsa wokumba manda wina amene ankadutsa.

"Nambala muli nayo, amai?"

"Inali pa chisulo."

Munthuyo anapukusa mutu n'kupitirira.

Martina analambula manda atatu oyandikana, onse mofanana. Anagwada pa apakati, koma pemphero linamukanika, poti sanadziwe amene akumuuza.

Atafika kunyumba anapita kumpopi kukatsuka khasu. Anasuzumira kuseri kwa chiliza. Miyezi isanu ya mvula sinachisiyire mng'alu ngakhale umodzi. Tizidutswa tobiriwira tinali kunyezimira, ndipo dzina linkawerengeka bwinobwino.