Mng'alu Wachiwiri

Mzere wa magalimoto pachipata cha m'malire ku Sebta, polowera m'dziko lawo, unkayenda ngati ukuchita kukakamizidwa. Dzuwa linali paliwombo, ndipo m'galimoto monse munkangonunkha adyo. Yamna anali atatopa moti ngakhale kudandaula ankakuona ngati ntchito. Kuchokera ku Belgium, kudutsa Falansa yense, Sipeni yense, kenako sitima yapamadzi. Msana unali utauma, mapazi atatupa mpaka nsapato kukana.

Galimotoyo inali nyumba yathunthu, ya bedi, mbaula ndi kachimbudzi kake. Mimoun, mwamuna wake, anaigula atangopuma pantchito. Mphamvu zake zonse zinathera pa mabasi a eni ake ku Brussels, ndipo mkulu wake Allal sankalephera kumulandira ndi mawu omwewo chaka chilichonse: "Dalaivala wamkulu wabweranso pa takisi." Ndiye Mimoun analumbira kuti chaka chino akalowa m'mudzi mwawo, kumapiri kuja, chiwongolero chili m'manja mwake, akuliza hutala mpaka Allal atuluke m'nyumba. Zachibwana, inde. Koma munthu akakalamba amatola kanthu kamodzi n'kuikapo mtima wonse, ndipo Yamna ankadziwa kuti kanthu ka mwamuna wake kanali komweko.

Tsoka silinunkha. Ali pakati pa Sipeni, lole ina inawalasa ndi kamwala pa galasi lakutsogolo, mbali ya Yamna, n'kusiya mng'alu wotalika ngati chikhatho. Kuyambira pamenepo Mimoun mtima unali m'mwamba, akuti akatibweza pachipata. Paliponse pomwe aima ankadula adyo n'kupaka pa mng'aluwo kuti usapitirire, monga amachitira a matakisi kwawo. Akamaliza mbali ya Yamna ankapita mbali yake, n'kupakanso nthawi yaitali, lilime lili panja. Yamna ankangoti ndi kusamala kwa anthu okalamba. Anali atatopa moti sanafunse.

Mzere unaimanso, ndipo Mimoun anatulutsa kampeni.

"Adyo wanga mwamaliza, Haji," anatero Yamna, pomutchula mwamuna wake ndi dzina lake laulemu. "Tikafika tikaphika galasi?"

"Iwe za galimoto ukudziwapo chiyani?"

"Galimoto ya buledi ija ndinkayendetsa zaka zonse zija ndi ndani? Kapena buledi ankadziyendera yekha?"

"Ija inali wilibala. Iyi ndi galimoto."

"Chabwino, a dalaivala. Koma dzulo ngakhale njinga zimatipitirira."

Mimoun anatsika n'kukapaka adyo wake.

Atafika kutsogolo, wapolisi wachinyamata anatenga mapasipoti, n'kusuzumira m'kati, n'kuyamikira mbaula. Thukuta linali litamunyowetsa kolala yonse. Kenako anazungulira kutsogolo n'kuima. Anagogoda galasi ndi chala.

"Amalume, apa bwanji?"

Mimoun anali atatsika kale. Mawu anawakonza kuyambira ku Sipeni, ndiye anangowakhuthula.

"Mwana wanga, ine ndine dalaivala wakale, sindingakunamize. Uwu wam'munsiwu ndi waung'ono, waima, sukuyendanso. Wovutirapo ndi uwu wa mbali yangawu, wokhala ngati nthambi. Koma ndikuulondera bwino. Ndikangofika mumzinda wa Tetouan ndisintha galasi lonse, Mulungu akalola."

Wapolisiyo anayang'ana pomwe Mimoun ankaloza. Anapukuta ndi mkono wa malaya, n'kuyendetsapo chikhadabo pang'onopang'ono kuchokera m'mwamba mpaka m'munsi. Ananunkhiza chala chake.

"Wachiwiriwo uli pati, amalume?"

"Si uwu? Ukuchokera apa mpaka apa."

"Apa pali adyo basi."

Yamna anatsika, mapazi otupawo ali pa phula lotentha osamva n'komwe. Anayang'ana galasi mbali ya mwamuna wake. Linali losalala, lopanda ngakhale kachipsera. Pamenepo zonse zinamubwerera: mutu wopendekeka uja poyendetsa, kuyenda ngati wanyamula mazira, kufunsa kawirikawiri kuti chikwangwani chija chati chiyani. Iye anali pambali pake masiku onsewo, akudandaula za adyo. Anachita manyazi kwambiri.

"Haji," anatero motsitsa, "tasiyani galasilo. Tayang'anani khoma loyeralo."

Mimoun anatembenuka n'kuyang'ana khoma la ofesi. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatseka diso lamanzere ndi dzanja, n'kulitsegula, n'kutseka lamanja. Kumbuyo wina analiza hutala, anzake n'kumuthandiza.

"Khomali nalonso lang'aluka," anatero Mimoun, mawu ali apansipansi.

Wapolisiyo anakweza dzanja kuti a mahutala atonthole. Sanakalipe. Analankhula ngati akulankhula ndi bambo ake omubereka.

"Amalume, mng'alu weniweniwu sukutchinga woyendetsa, ndikanakulolani mudutse mukasinthe kutsogolo. Koma diso limenelo pa msewu wakumapiri, ayi. Sindingakutsegulireni. Mulungu akandifunsa." Anatembenukira kwa Yamna. "Azakhali, pali mwana amene angabwere kudzayendetsa?"

"Ana ali ku Belgium onse."

"Ndiye muikhotetse, ikaime uko mpaka wina apezeke."

Yamna anayang'ana komwe ankalozako, bwalo la fumbi lopanda ngakhale mthunzi. Anayang'ana mwamuna wake, ali chilili ndi kachidutswa ka adyo m'manja. Anapisa m'chikwama, pansi pa mankhwala a shuga, n'kutulutsa laisensi yake. Wapolisiyo anaiwerenga mbali zonse, n'kugwedeza mutu kuvomera.

Makiyi anali m'thumba la Mimoun. Palibe anawapempha. Mahutala anayambanso, dzuwa likuwotcha, wapolisi akudikira, ndipo Mimoun ankangoyang'ana pansi. Kenako anawatulutsa n'kuwaika pa mpando wa dalaivala, osati m'manja mwa mkazi wake, n'kuzungulira kukakwera mbali inayo.

"Chipatala choyamba, azakhali, lero lomwe," anatero wapolisiyo pobweza mapasipoti. "Maso sadikira. Yendani bwino."

Yamna anakokera mpando kutsogolo. Galimoto inadumpha kamodzi n'kuzima. Anailizanso, ndipo ulendo uno inamvera. Chitsulo chapachipata chinakwera, ndipo analowa m'dziko lawo pang'onopang'ono, mapoto akulira kumbuyo.

Anayenda kamtunda. Mimoun anali atakhala moyang'anizana ndi mng'alu weniweni uja.

"Apa ndiye ilipodi iwiri," anatero.

"Umodziwo asintha amakaniko. Winawo akauona adokotala."

"Tikachoka kuchipatala, pa chitunda chomaliza chija, pamtengo wa mkuyu, udzaime. Kuchokera pamenepo mpaka pakhomo msewu ndikuudziwa ngakhale nditatsinzina."

Yamna mtima unamuwawa. Ankafunitsitsa kuvomera, kuti mwamunayu atsale ndi kanthu kake kaja. Koma pa chitunda chimenecho m'pamene ana amathamangira galimoto iliyonse yachilendo, ena mpaka kulendewera kumbuyo.

"Ayi, Haji. Pamatsetsereka ana paja."

Mimoun anayang'ana kumbali. "Allal aseka."

"Aseke. Ndikamuuza kuti ndakulandani makiyi chifukwa ndine mkazi wovuta. Mudzi wonse ukhulupirira."

Mimoun anatulutsa kampweya m'mphuno, kuseka osaseka. Anatsitsa galasi lam'mbali n'kutaya adyo uja kunja, n'kupukuta zala pa thalauza. Yamna ankadikira kuti ayambe kumulangiza za magiya, za mabuleki, za kusiya mpata, monga ankachitira ndi dalaivala aliyense amene anamunyamulapo. Sanatero. Anangopinda manja pamiyendo.

Chikwangwani chachikulu chabuluu chinadutsa pamwamba pawo. Mimoun anakweza mutu, n'kuupendeketsa, n'kuutsitsanso.

"Yamna," anatero, "tafika pati?"