Tsitsi la Mayi Asiyatu

Foni inalira Fyness ataima pakhomo la bwalo la ndege ku Chileka, atakumbatira kabokosi pachifuwa. Anaipanikiza pakati pa khutu ndi phewa.

"Halo, amama?"

"Fyness, uli kuti?" Mawu a mayi ake, a Enifa, anali otsika, onjenjemera, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka chiphokoso cha anthu. "Mayi Asiyatu ogulitsa usipa aja agwa m'mawa uno pabenchi pawo. Pakamwa pakhotera kumbali, dzanja silikugwira. Amuna awo akuti ndi tsitsi lija unawadula."

"Amama, tsitsi silingadwalitse munthu."

"Zimenezo uzidzawauza wekha. Ine andikhazika pansi pamsika pano, akuti sindichoka mpaka libwere. Ena ayamba kukamba za petulo, za nyumba yathu. Mwanawe, bwera nalo."

Foni inaduka. Tsitsi limene ankalinenalo linali m'manja mwake momwemo, m'kabokosi kaja, likudikira ndege.

Ntchito imeneyi anaipeza atakhala pakhomo nthawi yaitali ndi digiri yake ya zachuma, anthu a ku Lirangwe atatopa n'kumufunsa kuti ayamba liti. Anamulemba ndi a Dokotala Stewart, mphunzitsi wa kuyunivesite, amene ankafufuza ngati amayi a mabizinesi ang'onoang'ono amachokadi mu umphawi akaphunzitsidwa kayendetsedwe ka geni. Ankafunanso kudziwa ngati nkhawa zawo zimachepa. Koma anthu ophunzira ali ndi khalidwe lawolawo: mayi akawauza ndi pakamwa pake kuti sakupeza tulo chifukwa tomato akuwola, iwo sakhutira, amafuna umboni. Ndiye akuti nkhawa imasiya chizindikiro m'tsitsi, ndipo kunja kuli makina owerenga chizindikirocho.

M'misika ina amayi anakana kwamtuwagalu. Ku Lirangwe anavomera chifukwa wopemphayo anali mwana wa a Enifa, amene anakulira pansi pa benchi ya tomato iwo akuona. A Enifa ndiwo anayamba kukhala pampando n'kumasula duku, ngakhale kunyumba akameta ankatola katsitsi kalikonse n'kukataya m'chimbudzi kuti munthu woipa asakapeze. Anachitira mwana wawo. Enawo anatsatira, aliyense n'kudulidwa kachidutswa ka kunkhongo, n'kulandira paketi ya shuga ndi sopo. Tsiku limenelo kunali phwete. Mayi Asiyatu ndiwo anaseketsa onse, amvekere tsitsi lawo likukakwera ndege pamene mwini wake sanafikepo ndi ku Lilongwe komwe.

A Dokotala Stewart anatulukira akukoka sutikesi, pasipoti ili m'manja. Fyness anawafotokozera zonse, mawu akumuthawa.

"Imeneyo ndi BP, Fyness," anatero, nkhope itagwa. "Sitiroko. Iwenso ukudziwa. Ndiimbira apolisi pompano apite."

"Apolisi apita, abalalitsa anthu, madzulo abwerera kwawo. Amayi anga agona komweko, bwana. Ndi mawa lomwe, ndi mkuja."

"Ndiye ukufuna nditani?"

"Tinawauza kuti aliyense akhoza kutuluka m'kafukufuku nthawi ina iliyonse. Ndinawauza ndine. Tingowabwezera lawolo."

A Dokotala anapukuta thukuta pamphumi. "Liti? Pa maenvelopu palibe dzina, pali manambala okha. Amene angadziwe kuti nambala yakuti ndi ya mayi wakuti ndi anzathu akunja aja, malamulo ake ndi otero. Ndikafika ndikawapempha. Koma bokosi lonse sindingalisiye, muli ntchito ya zaka mmenemo. Ndi sukulu yako yomwe ya masitazi ili mmenemo." Anayang'ana mzere wa anthu umene unayamba kuyenda. "Dikira pompa, ndikayezetse sutikesi. Ndikubwera tione chochita."

Sanali munthu woipa, ndipo Fyness ankadziwa. Anawayang'ana akulowa, akuimba foni ndi dzanja limodzi. Kenako Fyness anatembenuka, kabokosi kali m'manja, n'kuyamba kuyenda. Pofika pageti anali akuthamanga.

Wa kabaza wa njinga yamoto anamudutsitsa njira zachidule za fumbi zotulukira ku Lunzu. Foni inkanjenjemera m'thumba osalekeza, iye osaigwira. Ankangoganiza za chigubu cha petulo ndi denga la udzu la kukhitchini kwawo. Anakumbukira chaka chija cha mphekesera za anamapopa, mmene anthu odziwana bwinobwino, opemphera tchalitchi chimodzi, ankasandukira zilombo dzuwa likuswa mtengo. Nthawi imeneyo iye anali kusukulu, ankangozimva pawailesi n'kumapukusa mutu. Lero amene anali pakati pa gulu anali mayi ake.

"Achimwene, thamangitsani," anatero.

"Asisi, mukufuna tikafike kapena tikagone kuchipatala?"

Ku Lirangwe msika unali utaima. Mabenchi anali okha, mbuzi zikudya masamba popanda wozithamangitsa. Anthu onse anaunjikana kumbali ya ogulitsa tomato. Atamuona akutsika ndi kabokosi anamupatukira, koma osati mwaulemu.

A Enifa anali atakhala pa dengu lovundikira, duku litapendekeka, tomato wawo atapondedwapondedwa pansi. Patsogolo pawo panaima a Greyson, amuna a mayi Asiyatu, okonza njinga pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu. Anali omwewo amene ankamata tayala la njinga ya Fyness ali ku sekondale, nthawi zina osamulipiritsa. Maso awo anali psuu. Pafupi ndi phazi la munthu wina panalidi chigubu chachikasu.

"Ndabwera nalo, bambo," anatero Fyness. "Silinakwere ndege. Lonse lili muno."

"Ndipatse la mkazi wanga," anatero a Greyson. Mawu awo sanali okuwa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamuopsa kwambiri. "Ali kuchipatala, sakuyankhula. Akuluakulu a ku Chigaru, asing'anga aja, andiuza kuti ndikapita nalo tsitsilo amumasula. Ndipatse, ndizipita."

Fyness anatsegula kabokosi. Munali timaenvelopu toyera, tofanana, tothithikana, kalikonse ndi nambala yake. Maganizo anamubwerera akuti angosolola kamodzi n'kuwapatsa, nkhani ithe. Ndani akanadziwa? Koma a Greyson anali ataona kale.

"Dzina lili pati?"

"Palibe mayina, bambo. Anachita dala, pofuna kukutetezani, kuti munthu wina asadziwe kuti ili ndi la yani."

Gulu linachita phokoso ngati njuchi. "Kutiteteza!" wina anakuwa kumbuyo. "Mwamva? Anafufuta mayina kuti tisalipeze!"

"Basi ndipatse bokosi lonselo," anatero a Greyson, akutambasula dzanja. "Akuluakuluwo akalizindikira okha."

"Ayi, ayi, ayi!" Anali mayi wina wogulitsa zitumbuwa, amene mpaka nthawi imeneyo ndiye ankatsogolera kutukwana a Enifa. Anadzipanikiza kutsogolo. "Langa lili momwemo. Mukufuna tsitsi langa likagone kwa sing'anga amene sindikumudziwa? Kuti mawa geni yanga ife, ya wina ikwere? A Greyson, pamenepo ndiye ayi."

"Langanso lilimo!"

"Likatayidwe m'chimbudzi lonselo, aliyense akuona!"

"Mukataya la mkazi wanga m'chimbudzi ndiye kuti mwamupha!" Apa a Greyson anakuwa, mawu n'kusweka. Amuna ena anasunthira kumbali yawo, amayi n'kuzungulira bokosi. Panalibe wofuna kuligwira, panalibenso wolola mnzake kuligwira. Amayi amene anakhala zaka akusinthana chenje ndi kusungirana ana ankayang'anana ndi diso la kumbali.

Wa chigubu uja anachinyamula. "Tikutaya nthawi. Anabweretsa zimenezi ndi awa, mayi ndi mwana wake. Tiyeni kunyumba kwawo."

Fyness anaona mayi ake akutseka maso, milomo ikuyenda ndi pemphero. Zonse zimene anaphunzira, za BP, za makina, za malamulo a kafukufuku, zinali zoona, koma panalibe ndi chimodzi chomwe chimene chikanatsitsa chigubu chija pansi. Anayang'ana a Greyson. Nkhope yawo siinali ya munthu wofuna kutentha nyumba. Inali ya munthu amene mkazi wake wamusiya pabedi la chipatala asakumuzindikira, ndipo akufuna chinthu choti agwire m'manja.

"Ndipatseniko lezala," anatero Fyness.

Palibe anamva. Anabwereza mokweza, mpaka wa pahokala yapafupi anamuponyera latsopano, lili m'pepala lake.

"Bambo Greyson, nambala ya mayi Asiyatu ikudziwika kunja. Ndiifunsa, ndipo ikabwera ndikupatsani envelopu yawo, yawo yokha. Bokosili ndisunga ine, silitsegulidwa. Koma simukundikhulupirira, ndipo sindikukudandaulani." Anagwada pafumbi, n'kuweramitsa mutu. "Ndiye musunge langa."

"Fyness, usatero!" A Enifa anadzuka padengu paja koyamba tsiku limenelo. "Iwe mwana, wapenga? Dulani langa, ine ndakalamba kale!"

"Khalani pansi, amama."

Lezala linamucheka pang'ono kunkhongo. Anadula chidutswa chachikulu kuposa chimene ankawadula amayi aja, n'kuchipereka ndi manja awiri. Aliyense pamenepo ankadziwa tanthauzo la kupereka tsitsi lako kwa munthu amene wakukwiyira.

A Greyson analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola kapepala ka nyuzi kokulungira usipa, analikulunga bwinobwino, n'kuliika m'thumba la malaya, la pamtima, n'kumanga batani.

"Ukabweretsa la mkazi wanga udzatenga lako," anatero. "Koma akapanda kudzuka..." Anatembenukira wa chigubu uja. "Iwe, kabweze petuloyo kumene wamutenga."

Anthu anayamba kubalalika pang'onopang'ono, ena akung'ung'udza, ena akuthamangira mbuzi zimene zinali zitamaliza kale mpiru. Mayi wa zitumbuwa uja anawerama n'kuyamba kutolera tomato amene sanaphwanyike, osayang'ana a Enifa kumaso.

Fyness anatulutsa foni n'kuimbira a Dokotala Stewart. Inali yothima. Anali m'mwamba tsopano, opanda bokosi lawo, ndipo iye sankadziwa ngati munthu amene wamuthawira ndi ntchito yake ya zaka angavutikenso n'kumufunsira nambala. Analemba uthenga wopepesa, anaufufuta, anaulembanso, n'kuutumiza.

"Nambalayo ibweradi?" anafunsa a Enifa chapansipansi, akumupukuta magazi a kunkhongo ndi nsonga ya chitenje.

"Ibwera, amama."

"Usandinamize ine. Ndakubereka."

Fyness anayang'ana kumsewu. Maso ake anali pa a Greyson, amene anali atakwera njinga yawo n'kumapalasa pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu. Fyness yemweyu ndi amene anaima pamsika womwewu n'kuuza amayi onse kuti tsitsi ndi tsitsi basi, likachoka pamutu lilibenso ntchito ndi mwini wake. Anadziuzanso mumtima mawu omwewo, kawiri. Komabe anapitiriza kuyang'ana kuti aone ngati bamboyo apitirire kuchipatala.

Atafika pamphambano, a Greyson anaima, anagwira thumba la malaya, n'kukhotera njira ya ku Chigaru.