Mkono Wamanja wa a Magalasi

Akazi awo atangowakhudza pamkono kuti awakonze malaya, a Magalasi analumpha ngati apsa ndi mbaula. Mayiyo anabweza dzanja lake. Sikanali koyamba.

Dzina la Magalasi linachokera kuntchito yawo yoika magalasi m'mawindo, ndipo galasi lomwelo ndi limene linawatema mkono wamanja chaka chatha. Bala linasokedwa, linapola, panangotsala chipsera. Koma kuyambira pamenepo bamboyo ankagona kumphepete kwa bedi, ndipo akazi awo akasendera ankangoti kukutentha.

Mayiyo mtima unali m'mwamba. Mkulu wake, munthu wosauma pakamwa, anamuuza kuti mwamuna wonyamula magalasi tsiku lonse koma n'kumathawa chala cha mkazi wake, ndiye kuti kwinakwake kuli chala china chosawawa. Mawuwa anamudya mumtima. Anayamba kununkhiza malaya a amuna ake asanawachape, kenako analongedza zovala zake m'chikwama n'kuchikankhira kunsi kwa bedi.

Tsiku lokaonedwanso kuchipatala anaumirira kupita nawo. Ankafuna adzimvere yekha adokotala akunena kuti mkonowo ulibe vuto, kuti achoke wopanda mlandu.

Adokotala anauza a Magalasi kuti atsinzine. Anatenga kathonje n'kukayendetsa pamkono wamanzere, bamboyo osagwedezeka. Atangokapititsa pafupi ndi chipsera chija, a Magalasi anakukuta mano, thukuta lili kamukamu pamphumi.

"Chikomekome cha mkuyu, mayi, m'kati muli nyerere," anatero adokotala. "Khungu linapola, koma mtsempha wotumiza uthenga ku ubongo unavulala. Umangolira kuti kwapweteka ngakhale palibe chopweteka, ndipo ubongo nawo unazolowera kutchera khutu mopitirira. Kugwira chinthu mwamphamvu munthu amatha kupirira, koma kusisitidwa kumamveka ngati moto."

Mayiyo anafunsa ngati amuna ake adzachira. Adokotala sanalonjeze kanthu. Anati mankhwala ndi kuzoloweretsa khungu pang'onopang'ono zimachepetsa ululu, koma kwa ena sutheratu.

Awiriwo anatuluka. Atafika pakhonde, mayiyo anaima, manyazi ndi mantha zitamugwira pamodzi.

"Nanga bwanji simunandiuze miyezi yonseyi?"

"Ndikanati chiyani? Kuti dzanja lanu limandiwotcha?" A Magalasi anayang'ana pansi. "Chikwama chija ndinachiona. Ndimaopa kuti ndikanena, muchinyamula tsiku lomwelo."

 Chikwatirane, mayiyo mumsewu ankayenda kumanja kwa amuna ake. Anadutsa kumbuyo kwawo, nakaima kumanzere, n'kugwira dzanja limene silinavulale.

"Tikafika kunyumba mukandithandize kutembenuza bedi kuti ndizigona kumanzere kwanu," anatero.