Maluwa a Mkamwini

Nkhwangwa inayamba kulira anthu ena obwera kumaliro asanabwerere kwawo. Lydia anasiya mbale zimene ankatsuka n'kuthamangira kuseri kwa nyumba, kukamsitu ka mitondo kumene atate ake, malemu Aroni, ankakonda kukhala.

Amalume ake, a Lazarous, anali atagwetsa kale mtengo umodzi. Dzuwa la mu Okutobala linkawomba pamalo pamene silinafikepo chiyambire.

"Amalume, manda sanaume n'komwe!"

"Manda ali kumanda, mwanawe. Pano ndi pamunda. Mvula isanagwe mitengoyi ikhala makala, apa tidzala thonje."

"Nanga maluwa a atate?"

A Lazarous anapalasa masamba ouma ndi phazi. "Ali kuti? Ndionetse."

Panalibedi choonetsa. Maluwa achikasu aja, amene Aroni ankawatcha popi, anabwera nawo kuchokera ku Chipata kumene ankagwira ntchito ya m'dimba kwa mzungu wina. M'chilimwe ankauma n'kutsala mizu yokha pansi pa masamba owola. Ankadzuka ndi mvula, koma pamthunzi pokha. Padzuwa ankapserera.

"Atate ako anali mkamwini," anatero a Lazarous. "Anabwera kudzakwatira mlongo wanga, sanabwere ndi dothi. Zaka zonsezi takhala tikuwaonera akuweta tchire ngati nyani."

Lydia anatembenukira kwa amayi ake, amene anaima chapatali, mutu wometa uli mu duku lakuda.

"Amayi, simulankhula?"

"Ndilankhule chiyani? Amalume ako ndiwo eni mbumba." Kenako analoza chulu cha m'kamsitumo. "Kumba pafupi ndi chulu. Atate ako anayambira kudzala pamenepo."

Lydia anatenga kakhasu. Mtondo wachiwiri unagwa akukumba, nthambi zake zinamukwapula kumsana, koma sanadzuke. Khasu linagunda chinthu cholimba. Anafukula ndi manja. Unali mphika wakale wosweka kukamwa, wokwiriridwa mpaka m'khosi, muzu wonenepa uli m'kati. Chapafupi anapezanso chitini cha utoto chadzimbiri, kenako beseni lobooka, zonse zili ndi mizu m'kati. Panalibe duwa ngakhale limodzi lodzalidwa m'dothi lenilenilo.

"N'chifukwa chiyani ankachita chonchi?"

Amayi ake anayang'ana nsana wa mchimwene wawo, n'kutsitsa mawu.

"Ankati tsiku limene adzawauze kuti nyamukani, adzangonyamula maluwa awo."

"Kodi alipo anawauzapo zimenezo?"

"Palibe. Koma ankadikira."

Nkhwangwa inaleka kulira. A Lazarous anapukuta thukuta, maso ali pa mphikawo.

"Mtondo wa pachuluwo ndiusiya," anatero mosayang'ana munthu. "Ngwokhota, sungapse bwino."

Mtengo umodzi sukanaphimba maluwa onse. Lydia anadziwa kuti ambiri afa. Ananyamula mphika uja n'kupita nawo patsinde pa mtondo wokhotawo. Anakumba dzenje, n'kumenya mphikawo ndi msana wa khasu mpaka unang'ambika pakati. Mizu inali itapotana mozungulira, kutsata maonekedwe a mphika. Anaimasula pang'onopang'ono ndi zala, n'kuikhazika m'dothi la amayi ake.