Repu Imodzi Pabenchi ya a Kochi

Madambelo, zitsulo zonyamula m'manja polimbitsa thupi, anali atalowa kale m'galimoto pamene mwana wamkazi wa malemu anatulukira pakhomo la galaja. Bambo ake aang'ono anali atagwada, akumasula mabawuti a benchi ndi sipanala yobwereka. Panali patangotha masiku anayi chiikireni maliro, ndipo lamba wa malemu anali akadali pamsomali, wopindika mmene chiuno cha mwini wake chinamusiyira.

"Bambo aang'ono, mukutani?"

"Maso ulibe? Jimu ino tinayamba awiri, ine ndi achimwene. Iwe unali usanabadwe n'komwe."

Zinali zoona, koma zoona zake zinathera pomwepo. Bambo aang'onowa anasiya kunyamula zitsulo zaka khumi zapitazo, chifuwa chonse n'kusamukira kumimba. Amene ankatsegula galaja m'mawa uliwonse, kupukuta thukuta la anthu pabenchi ndi kuwawerengera marepu, maulendo okweza chitsulo, pamene malemuwo, a Kochi, anayamba kudwala, anali mtsikanayu. Zitsulo zikachoka, jimu ya bambo ake yatha, ndipo iye alibenso pogwira.

"Alamu," anatero mayi ake ali pakhomo, mawu atasasa ndi kulira, "dikirani kaye misozi iume."

"Misozi ikamauma zitsulo zikuchita dzimbiri. Nanga mwana wamkazi azitani nazo? Aziyanikapo zovala?"

"Chitsulo chimene ndimakweza ine pa sikwati, nditachisenza paphewa, inu simungachisunthe," anayankha mtsikanayo.

"Iwe, pakamwa pakopo!"

"Chabwino. Pachitsulo apo pali makilo handiredi, mmene bambo anasiyira. Ndikupempha repu imodzi yokha. Mutsitse chifike pachifuwa, mukweze nokha. Mukatha, tengani zonse, ndi msomali womwe. Mukalephera, madambelo abwerere."

Bambo aang'onowo anaseka chikhakhali, n'kumanganso mabawuti aja. A Kochi sakanalola munthu kugona pabenchi asanatenthetse thupi ndi seti ziwiri za chitsulo chopanda kanthu. Mtsikanayo ankadziwa zimenezo, koma anatseka pakamwa dala. Anangoyang'ananso pamene mkuluyo ankamanga zotsekera kumapeto kwa chitsulo, chinthu chimene malemu ankaletsa munthu akamakweza yekha, chifukwa ukakanika umapendeketsa chitsulo, mapuleti olemera a kumapetoko n'kugwa, iwe n'kupulumuka.

"Ndipo usaime kumutu kwanga," anatero akugona chagada. "Sindifuna wondisipota, wondigwirira chitsulo ine."

Chitsulo chinatsika bwinobwino, monga chimachitira ndi aliyense. Pokwera chinangoyenda pang'ono, n'kuima. Zigongono zinayamba kunjenjemera, mitsempha ya pakhosi inatupa, mapazi anapalasa simenti. Kenako chinayamba kubwerera, chikulunjika pakhosi.

"Mayo ine!" anakuwa mayi aja.

Mtsikanayo anawerenga mumtima. Wani. Thuu. Ankafuna achimve, munthu wobwera ndi sipanala maluwa a pamanda asanafote. Ankamuda, ndipo sanachite nazo manyazi. Koma asanafike pa fili, miyendo yake inali itanyamuka kale. M'galaja la a Kochi munthu sasiyidwa pansi pa chitsulo, ngakhale amene wakutukwana dzulo. Anaima kumutu kwa benchi, anachigwira ndi manja onse awiri, n'kukoka mpaka msana kulira. Chitsulo chinagwera pa zokolekera zake kuti khwengwe.

Mawu anatuluka okha, omwe aja bambo ake ankauza aliyense amene amupulumutsa, kuti asapite kwawo ndi manyazi.

"Mwakweza nokha. Ine sindinachigwire n'komwe."

Atangotero anadziluma mlomo. Mayi ake anagwira kumutu. Jimu yonse anali ataipereka ndi pakamwa pake, pamaso pa mboni.

Bambo aang'onowo anadzuka n'kukhala pabenchi, akupumira m'mwamba, malaya atanyowa. Sanamuyang'ane mtsikanayo. Maso awo anali pa lamba uja wa pamsomali.

"Bodza limenelo," anatero chapansipansi, "achimwene anandinamiza nalo zaka zonse zija."

Kupepesa sanapepese, si anthu ake amenewo. Anatola sipanala yawo n'kutuluka, ndipo mtsikanayo anadikira kumva injini ikulira. M'malo mwake anamva chitseko cha kumbuyo kwa galimoto chikutseguka. Anabwera ndi madambelo awiriawiri, akudzuma, n'kumawaika pashelefu osafunsa malo ake. Akuluakulu anawaika kukona, ndipo timadambelo ting'onoting'ono anatiika pafupi ndi khomo, pamene a Kochi ankafuna kuti munthu wobwera koyamba, wamantha, apeze kanthu koti angathe kunyamula.